Thandizeni, gogo wanga wa pa gemu ya afiti amukana

Wa ku Mpondasi: Ma admin chonde muivomereze iyi. Ndili ku Mangochi. Ine ndi anzanga timakumana Loweruka madzulo kusewera gemu ya pa tebulo, yonga sewero koma yoponya madayisi. Aliyense amalemba munthu wake papepala, mmodzi amayendetsa nkhani. Imene tayamba panoyi ndi ya afiti a m'mudzi, osati odya anthu ayi, koma othandiza: kuchiza, kupeza mbuzi yosochera, kuteteza asodzi. Ine ndapanga gogo wa m'mbali mwa nyanja ya Malombe. Amauluka pa lichero, ali ndi fisi, kadzidzi ndi nsupa, amathanso kuitana mphepo ya mwera. Woyendetsa wamukana, akuti ndikakonze. Woyendetsayo ndi msuweni wanga, ndipo chibwerekereni njinga yanga n'kuibweza itapindika limu sitikuyankhulana bwinobwino. Malamulo a gemuyi ndinasindikiza ndi ndalama zanga koma mapepala akusunga iye. Tebulo ndi la mayi anga, magetsi akazima tochi ndi yanga, mandasi ndimagula ndine. Ndiye lero andikanire gogo wanga? Loweruka layandikira, nditani?

Mphunzitsi Wopuma: Mwana wanga, musanaponye dayisi dziwani kaye lamulo. Witchcraft Act ya 1911 ikugwirabe ntchito m'dziko muno. Kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, kumwetsa mwavi ndi mlandu, kudzitcha mfiti nakonso ndi mlandu. Gogo ameneyu mwamutengera kwa ndani? Ngati akufanana ndi agogo enieni a kwanuko, pepalalo ling'ambeni lero lomwe.

Amake Mapasa: Ana a masiku ano abale. Anzanu ali kosaka maganyu, inu mukuitana ziwanda pa tebulo la mayi anu. Kutchalitchi kaya kumzikiti simukudziwako?

Wa Madayisi ku Zomba: Achimwene, gemu yake ndi iti, nanga msuweniyo wati chavuta n'chiyani? Popanda zimenezi tikungolota. Koma kungoona, mwamuunjikira mphamvu. Lichero, fisi, kadzidzi, mwera, zonsezi munthu mmodzi pa tsiku loyamba? Anzanu azidzatani pa tebulopo, kuonerera?

Kabaza Boy: Limuyo anakonza? Ine mlamu wanga anabwereka yanga kupita ku Namwera, potsika chitunda chija mabuleki anakana, njinga inabwera pamutu. Mpaka pano akuti ndidikire akakolola. Wachibale osamubwereka njinga aise.

Che Bawo: Mukuvutikiranji ndi mapepala? Bawo maenje 32, njere 64, pansi pa mtengo wa mango. Palibe wosindikiza, palibe wokukanira gogo.

Mphunzitsi Wopuma: Amake Mapasa, ziwanda zikulowa pati apa? Maganizo ngati amenewa ndi amene akuphetsa okalamba. Mwaiwala za ku Neno mu January 2016? Okalamba anayi anaphedwa mphenzi itapha mtsikana, anthu n'kumati ndi iwo anaitumiza. Vuto si dayisi, vuto ndi kukhulupirira kuti nkhalamba iliyonse yokhala yokha ikutamba.

Amake Mapasa: Bambo, musandiike mawu m'kamwa. Ine sindinati aphe munthu. Koma muziti ufiti kulibe mukakhala pa foni, usiku kadzidzi akalira padenga mumadzuka n'kupemphera ngati ife tomwe.

Mjomba wa ku Monkey Bay: Funso langa n'limodzi, licherolo limamwa malita angati kuchoka ku Malombe kufika ku Blantyre? Ngati silifuna mafuta ndikufuna awiri, ndiyambe matola.

Achemwali a Nkhani: Ine ndinayendetsapo gemu yotere tili ku koleji, ndinasiya chifukwa aliyense ankafuna kukhala wosagonjetseka, nkhani inkatha isanayambe. Musiyireni gogoyo luso limodzi lalikulu, zina zichotseni. Kenaka mumupatse chofooka chenicheni, monga bondo lopweteka kapena ngongole kwa mwini boti. Lembaninso chimene akufuna, amene amamukonda m'mudzimo ndi amene amamuopa. Woyendetsa amafuna poti agwire kuti apange nkhani.

Mphunzitsi Wopuma: Achemwali, mukumuphunzitsa kukometsa chinthu chimene simunachifufuze. Ine ndaphunzitsa zaka zambiri m'midzi ya kwa Makanjira. Ana amatola nkhani pakhonde n'kupita nayo kuchitsime itasintha. Mwana wa neba akamva kuti "gogo wa ku Malombe amauluka pa lichero", sadzanena kuti inali gemu. Funso langa lija silinayankhidwe.

Wa Madayisi ku Zomba: Aphunzitsi, apo mwanena zoona, dzina la mudzi likhale lopeka. Koma tiyeni timuthandize mnyamatayu. Ngati malamulo ake akufanana ndi a Dungeons & Dragons, imene inatuluka mu 1974, pafunika dayisi ya mbali 20 ndipo munthu amayamba ali wofooka, mphamvu zimabwera pang'onopang'ono. Magemu ambiri ang'onoang'ono amangofuna madayisi awiri wamba ngati a ludo: ukapeza 10 kupita m'mwamba zatheka, 7 mpaka 9 zatheka koma pali mtengo wake, 6 kutsika zakuvuta. Mtundu umenewu chofooka cha munthu ndiye chimakometsa sewero. Yanu ndi iti?

Wa ku Mpondasi: Zikomo nonse. Limu sanakonze, ndinakonzetsa ndekha. Chikundiwawa n'choti mtsikana wina wapanga mfiti yokhala ndi ng'ona ndipo msuweniyo wavomera osafunsa kanthu. Tonse tikudziwa chifukwa chake.

Mjomba wa ku Monkey Bay: Eee basi, mlandu watha. Mwera sungalimbane ndi chibwenzi.

Che Bawo: Pa bawo zokondera kulibe.

Achemwali a Nkhani: Ng'ona imodzi si chimodzimodzi ndi fisi, kadzidzi, lichero ndi mphepo. Mufunseni msuweniyo kumbali, osati pamaso pa gulu, kuti ndi ziti akufuna zichoke. Za njinga mukambirane tsiku lina.

Amake Mapasa: Ng'onanso? Mayi anu akudziwa zimene zikuchitika pa tebulo lawo?

Mphunzitsi Wopuma: Ndikufunsanso, mwana wanga, chifukwa mwayankha za limu ndi za mtsikana koma langa mwalilumpha. Gogo ameneyu ndi wopeka kapena alipo? Ndipo inu a ku Monkey Bay, nkhani ya lichero mukuiseka, koma alipo okalamba amene anathamangitsidwa m'midzi chifukwa cha mawu omwewo. Ma admin, mukuziona zimenezi?

Wa Madayisi ku Zomba: Achimwene, dzina la gemu chonde. Kapena jambulani tsamba lopangira munthu mutumize pano.

Kabaza Boy: Limu munakonzetsa zingati? Yanga akunditchula mtengo wosamveka.