Chinthu chondilemera pachifuwa chimwalirire mayi anga

MayiWaAwiri: Abale, ndithandizeni nzeru. Chimwalirire mayi anga ndimamva chinthu cholemera pansi pa chifuwa, makamaka foni ikalira usiku. Mpweya umachepa, manja amazizira. Kuchipatala anandiyeza BP ndi shuga, zonse zili bwino, anangoti ndikuganiza kwambiri. Mnzanga akuti ndiphunzire kumvetsera thupi m'malo molimbana nalo. Zimenezi amachita bwanji? Alipo zinamuthandiza?

MphunzitsiWaKuDedza: Pepani ndi zovutazo, mayi. Ine zinandithandiza. Ndimakhala pampando, mapazi pansi, n'kudzifunsa kuti lero chili pati. Ndikachipeza sindifulumira kunena kuti ndi nkhawa. Ndimakhala nacho kaye: kodi chikuthina, chikutentha, kapena chikukoka? Ndikalondola, mpweya umatuluka wokha, mapewa n'kutsika. Njirayi anaifotokoza Eugene Gendlin, katswiri wa za maganizo wa ku University of Chicago. Atamvetsera matepi ambiri a anthu olandira uphungu, anaona kuti opeza bwino anali aja amene ankayamba aima, n'kumva za m'kati mwawo asanayankhe. Kwa ine, chomwe chinkandithina pakhosi anali mawu amene sindinawauze bambo anga ali moyo. Chikakukulirani, tsegulani maso, yang'anani zinthu za m'nyumbamo, mudzayesenso tsiku lina.

NamwinoWopuma: Munachita bwino kuyambira kuchipatala, chifukwa thupi silinena zonse. BP yokwera nthawi zambiri siimveka n'komwe. Kafukufuku wa za umoyo wotchedwa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse m'Malawi muno anali nayo, ambiri osadziwa. Ululu wa pachifuwa ukamafika kumkono kapena kuchibwano, thukuta lili kamukamu, musakhale pansi kumvetsera, thamangirani kuchipatala. Tulo ndi chakudya zikakukanani kwa masabata, kuchipatala cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kuli aphungu.

GogoNtcheu: Mwanawe, ndikufunse chimodzi. Pamaliropo unalira? Ana aakulu mumatanganidwa ndi bokosi, ndiwo ndi alendo, anzanu akulira m'nyumba.

MayiWaAwiri: Agogo, sindinalire. Ndine woyamba kubadwa, zonse zinali pamutu panga, ndipo uthengawo unabwera pafoni usiku. Ndawerenga funso lanu misozi ikutsika. Aphunzitsi, kodi ndiziyesa m'mawa ana akapita kusukulu, kapena nthawi yomwe chandigwirayo?