Zija ndinafunsa za maphunziro a TB ndi HIV apakompyuta

Anzanga, mwezi watha ndinafunsa ngati maphunziro apakompyutawa ndi otheka kwa ife anamwino kuno ku Lusaka, poti magetsi amangozimazima. Ndawamaliza, ndipo ndi othekadi. Ndinkawasunga pafoni magetsi akayaka, n'kumawerenga m'minibasi pobwerera ku Chawama.

Gawo la mankhwala ndilo landithandiza kwambiri. Rifampicin, mankhwala a TB, amachepetsa dolutegravir, amene ndi amodzi mwa ma ARV, m'magazi, n'chifukwa chake wodwala TB amene ali pa ma ARV amamwa dolutegravir wa 50 mg kawiri patsiku, osati kamodzi. Dzulo ndinafotokozera bambo ena zimenezi, n'kuwalembera pakhadi "m'mawa" ndi "madzulo", ndipo anapita atamvetsa.

Koma kuthandiza wodwala kuti atulutse makhololo enieni okayeza pa GeneXpert (makina oyezera TB), osati malovu, kompyuta singakuphunzitseni bwino. Pemphani asisitala akuonetseni pamaso.