Akuti wapezeka wolakwa koma chilango sanatchule, ndiye chatsala n'chiyani?

Nabanda:
Abale ndithandizeni. Mlongo wanga anagula foni pamsika osadziwa kuti ndi yobedwa. Dzulo kukhoti la majisitireti woweruza wati wapezeka wolakwa pa mlandu wolandira katundu wobedwa, kenako n'kuimitsa nkhani mpaka Lachisanu. Zoti akakhala kundende nthawi yaitali bwanji sanatchule. Amayi kuno sakudya, akungoti mwana wanga wapita. Kodi Lachisanuro kukachitikanso chiyani? Nanga apilo tingachite pompano?

Wa ku Area 25:
Pepani achemwali, koma musayambe maliro. Khoti limayamba lanena ngati munthu walakwa kapena ayi, za chilango zimabwera pambuyo. Lachisanu wapolisi woimira boma akanena ngati mlongo wanuyo anapalamulapo kale. Akatero, iye akapatsidwa mpata wodandaula. Apa m'pamene ambiri amadzigwetsa okha, amayambanso kukana mlandu, zomwe zinatha kale. Iye akangonena zimene zingamufewetse mtima woweruza: kuti n'koyamba kupalamula, foniyo inabwezedwa kwa mwini wake, ana akumudalira, kaya akudwala. Ngati ali ndi buku lakuchipatala mukalinyamule, mawu apakamwa okha sakwanira.

Lamulo limati wopalamula koyamba asathamangire kumutumiza kundende ngati pali njira ina. Akhoza kulamulidwa kulipira chindapusa, kugwira ntchito yothandiza anthu pachipatala kapena pasukulu akugona kwawo, mwinanso kupatsidwa chilango choimikidwa, chija amati pita kwanu koma ukapalamulanso m'nthawi imene takupatsayi, udzaseweza.

Gogo Mbewe:
Za apilo dikirani chilango chituluke. Mukapanda kukhutira, mumalemba kalata yodziwitsa khoti lalikulu la High Court kuti mukufuna kuchita apilo, pasanathe masiku 10 chitulukireni chilangocho, nkhani n'kupita kumeneko. Musagone nazo, masikuwo sachedwa. Koma ndifunse, iyeyo anavomera mlandu kapena anakana? Chifukwa ngati anavomera yekha, apilo yake imakhala ya kukula kwa chilango basi.

Nabanda:
Anakana agogo, mboni zinabwera. Koma ndalama za loya tilibe.

Wa ku Area 25:
Pitani ku Legal Aid Bureau mawa m'mawa, ndi a boma amenewo, ntchito yawo ndi yoimira anthu osowa. Mutenge nambala ya mlandu kwa kalaliki wa khoti. Ndipo wina akakutsatirani panja pa khoti n'kumati amadziwana ndi woweruza, musamupatse ngakhale 500 kwacha.