Nyumba yakale ya pa esiteti: tiigwetse kapena tiisunge?

Wapampando: Abale ndi alongo a kwathu ku Thyolo, komiti yalandira maganizo oti nyumba yakale ya mzungu wa esiteti, ija ili pamtunda moyang'anana ndi minda ya tiyi, igwetsedwe kuti njerwa zake timangire chipinda cha sikelo ya ana. Tisanamange mfundo, ndikupempha aliyense alankhule zakukhosi.

Msungichuma: A Wapampando, ine ndinakaiona mwezi wathawu. Malata anachita dzimbiri, chiswe chadya mitengo ya denga, ndipo mbuzi zimagona pakhonde. Agogo athu anasenza njerwa zimenezo pa thangata, choncho sindikuona chifukwa chotayira ndalama za gulu posamala ulemerero wa munthu amene ankawagwiritsa ntchito mowazunza.

Mayi wina wokhala ku Johannesburg: A Msungichuma, thukuta la agogo lomwelo ndi limene likundikanitsa kuvomera. Amene anaponda dothi, kuumba njerwa ndi kuziwotcha anali makolo athu, ambiri a iwo Alomwe amene anachokera ku Mozambique, ndipo luso lawo likuonekabe pa makoma okhuthala aja, amene amasunga kuzizira m'kati ngakhale dzuwa la Okutobala litaswa mtengo, komanso pa khonde lozungulira limene limatchinjiriza makomawo ku mvula yathu ya ku Thyolo. Taonani Mandala House ku Blantyre, imene kampani ya African Lakes inamanga mu 1882 ndi njerwa zosawotcha. Dzina lakelo linachokera ku magalasi amene John Moir, mmodzi wa oyang'anira kampaniyo, ankavala, koma lero ndi chipilala cha dziko, ndipo m'chipinda chapamwamba muli laibulale ya Society of Malawi. Ngati ya njerwa zosawotcha yaima zaka zoposa 140, yathuyi ingalephere bwanji titaifolera bwino? Sikelo ya anayo ichitikire m'menemo, ndipo chipinda chimodzi tiikemo mbiri ya thangata monga akuluakulu otsalawo akuikumbukira.

Mlembi: Mayi, maganizo anuwo ndawamva, koma tidziwe kuti nyumba ikalembedwa pansi pa lamulo la Monuments and Relics Act la 1990, sitingaboole khoma kapena kusintha zenera popanda chilolezo cha boma. Tiyambe tafunsa anamwino ngati zipindazo zingawakwanire momwe zilili.

Wapampando: A Mlembi, lembani kalata ku nthambi ya boma yoona za zipilala kuti atumize katswiri adzayeze maziko ndi denga. Ine ndipempha a Nyakwawa aletse anthu kuzula mafelemu a mazenera, chifukwa awiri a kumbuyo apita kale.