Ndandanda yosamalira khanda ndi za pa 18 March

Amalume: Mwaswera bwanji nonse. Zotsatira za magazi zatsimikiza kuti khanda lathu lili ndi matenda otchedwa Edwards syndrome. Akuwatulutsa Lachisanu, ndiye tigawane ntchito lero lomwe, make mwana asamachezere yekha usiku.

Alamu: Pepani, enafe sitinamvetse bwino. Kodi amapatsirana?

Azakhali: Ayi, sapatsirana. Maselo a munthu amakhala ndi makromozomu (timitolo tosunga chibadwa chathu) 46, awiriawiri. Mwanayu pa nambala 18 ali ndi atatu, n'chifukwa chake amatinso trisomy 18. Kawirikawiri zimasokonekera dzira kapena umuna ukamapangidwa, mimba isanayambe n'komwe. Palibe chimene make anadya kapena kulakwitsa, ndipo wina asakayambitse mafunso amenewo pakhomo paja. Mukamuona zala zitafumbata, chamkombaphala chitakwera pa chapakati, musamaziwongole mokakamiza. Ndi mmene ana amenewa amabadwira.

Achemwali: Nkhani yaikulu ndi kudyetsa. Chibwano n'chaching'ono, satha kuyamwa ndi kumeza bwino, komanso mtima uli ndi kabowo moti amatopa msanga. Akubwera ndi kachubu ka m'mphuno. Panopa akulemera makilo 2.2, ndipo adokotala alemba 40 ml maola atatu alionse, kasanu ndi katatu pa tsiku. Musawonjezere poganiza kuti sanakhute, madzi akachuluka m'thupi mtima umalemedwa. Mlingo amasintha ndi adokotala akamuyeza sikelo.

Achimwene: Nanga kachubuko kakasuntha tidziwa bwanji?

Achemwali: Apa ndiye pofunika maso, achimwene. Musanathire chilichonse, onani ngati chizindikiro cha pa kachubu chidakali pakhomo pa mphuno. Kokani timadzi pang'ono ndi sirinji n'kudonthezera pa kapepala ka pH, koyezera asidi. Ikakhala 5.5 kapena kutsika, kachubu kali m'mimba. Ikapitirira apo, kapena palibe chatuluka, musadyetse, imbirani anamwino, chifukwa mkaka ukalowera kumapapo umayambitsa chibayo. Zonse zikakhala bwino, chotsani chokankhira cha sirinji, mkaka uzitsika wokha kwa mphindi 15 mpaka 20. Mukakweza sirinji kwambiri umathamanga, mwana n'kusanza. Akayamba kutsokomola kapena kusintha mtundu, pindani kachubu, siyani pomwepo. Mukamaliza mumunyamule choimirira mphindi 20, kenako agone chagada.

Azakhali: Mkaka wokama ukhale kunja osapitirira maola anayi, mufiriji masiku anayi. Lembani nthawi pa botolo, usiku mutu sugwira.

Amalume: Ndandanda nayi. 6 koloko madzulo mpaka 12 usiku, achemwali anu. 12 mpaka 6 m'mawa, azakhali anu ndi bambo a mwana azisinthana. Masana alamu. Aliyense amene ali pa ndandandayi akaonetsedwe ndi anamwino Lachinayi, asanatuluke. Amene sanaphunzire asagwire sirinji, ngakhale ndi wamkulu bwanji.

Alamu: Zoti amasiya kupuma zija zikundiopsa ine.

Azakhali: Zimachitikadi, ubongo umachedwa kutumiza uthenga woti apume. Kaye kaye wa masekondi ochepa ndi wa makanda onse. Akafika masekondi 20, kapena milomo ikachita bii, musisiteni msana ndi kumutekenya kuphazi. Osamugwedeza ayi. Thamangirani kuchipatala akamapuma kopitirira ka 60 pa mphindi, akamatuluka thukuta podya, nthiti zikamalowa m'kati, kapena thupi likatentha kufika 38. Makolo akhale pansi ndi adokotala agwirizane zoyenera kuchita mwana akalephera kudzuka, azilembe papepala, ifeyo titsatire zimenezo popanda kutsutsana nawo.

Achimwene: Ndifunse mosabisa, azakhali. Tili naye nthawi yaitali bwanji?

Azakhali: Palibe angakuuzeni tsiku. Ambiri amatisiya m'masabata kapena miyezi yoyamba, ndipo pafupifupi 5 mpaka 10 mwa ana 100 alionse amapitirira chaka. Ena amakula ndithu, amamwetulira, amazindikira mawu a anthu awo. Choncho katemera alandire, sikelo asaphonye, ndipo akamakula tidzafunse za sikani ya pamimba, poti ana amenewa amakhala pa chiopsezo cha zotupa za impso ndi chiwindi. Wachimfine asabwere kudzazonda, ndipo aliyense asambe m'manja asanamunyamule.

Achemwali: Za pa 18 March, tsiku lodziwitsa anthu za matendawa. Analisankha chifukwa March ndi mwezi wachitatu, kuimira makromozomu atatu pa nambala 18. Ndikuganiza tijambule uthenga wa mawu wa mphindi ziwiri: dzinali linachokera kwa John Hilton Edwards amene anawafotokoza mu 1960, amapezeka mwa mwana mmodzi pa 5,000 obadwa amoyo, ndipo si vuto la makolo. Chithunzi cha mwana tisatumize pokhapokha eni ake atavomera.

Amalume: Zamveka. Lembani mawuwo muwaponye pano pofika Lamlungu, azakhali anu awaone kaye. Achimwene anu agule kope lolembamo nthawi ya chakudya, mlingo, pH ndi matewera, likhale pambali pa bedi Lachisanu lisanafike.