Kodi zaka za osewera mu ligi ya anyamata tingazitsimikize bwanji?

Mphunzitsi wa timu, Santhe:
Akuluakulu, ligi yathu ya kuno ku Kasungu ndi ya anyamata osapitirira zaka 17, koma matimu ena akubweretsa osewera amene aliyense akuona kuti ndi abambo a mabanja awo. Kodi tingawaletse motani popanda kuyambitsa mkangano pabwalo?

Kholo, Nkhamenya:
Aphunzitsi, chiphaso cha unzika cha NRB chimaperekedwa kwa amene akwanitsa zaka 16, choncho wosewera aliyense wamsinkhu umenewo azibweretsa chake masewera asanayambe, ndipo ocheperapo azionetsa chikalata cha kubadwa.

Woimbira mpira, Mtunthama:
Maganizowo ndi abwino, bambo, koma ana ambiri akumudzi alibe zikalatazo, ndipo tikaumirira tidzathamangitsa osalakwa. Kaundula wa kusukulu angathandizeko, ngakhale kuti nayenso amadalira zimene makolo ananena polembetsa mwana. Bungwe loyendetsa mpira mu Africa la CAF limaunika mafupa a padzanja ndi makina ojambula m'kati mwa thupi a MRI pofuna kutsimikiza zaka za osewera, koma ligi imene imavutika kugula mpira weniweniwo singakwanitse zimenezo.

Mphunzitsi wa timu, Santhe:
Zikomo nonse. Ndikapempha komiti kuti tizijambula osewera polembetsa, ndiponso kuti timu yopezeka ikunama izilandidwa mapointi.