psql ikulumpha zolakwika, script n'kumaliza ngati zonse zili bwino

chiphaniphani:
Abale thandizeni. Ndili ndi fayilo ya SQL yolowetsa katundu mu PostgreSQL, ndipo ndimayiyendetsa mkati mwa bash motere: psql sitolo < katundu.sql (psql ndi pulogalamu yotumizira malamulo ku PostgreSQL, sitolo ndi dzina la database yanga). Pakutuluka ERROR: syntax error at or near "ombe", koma psql siyikuyima, ikupitirira mpaka kumapeto, bash n'kulandira 0 ngati palibe vuto. Mu tebulo mizere ina yalowa, yambiri yasowa, ngakhale ija yolembedwa bwinobwino. Kodi "ombe" ameneyu akuchokera kuti?

nyerere_db:
Fufuzani ng'ombe mu fayiloyo, achimwene. Mukalemba 'ng'ombe', kachizindikiro kapakatiko (') kamatseka mawu pa ng, ombe n'kutsala panja. Choipa kwambiri n'chakuti kotsirizako kamatsegula mawu ena atsopano. Kuyambira pamenepo psql imaona ma semicolon onse ngati ali mkati mwa mawu, ndiye imangomeza mizere yotsatira mpaka itakumana ndi kachizindikiro kena kopanda mnzake. N'chifukwa chake yosalakwa nayo yasowa. Lembani tiwiri, 'ng''ombe', kapena $$ng'ombe$$. Musaiwale ng'oma, pang'ono ndi anzawo.

mlonda_wa_seva:
Zakusayimazo si kuwonongeka, ndi mmene psql ilili mukapanda kuyiuza. Yendetsani chonchi:

psql -v ON_ERROR_STOP=1 -1 -f katundu.sql sitolo

ON_ERROR_STOP imayimitsa pa cholakwika choyamba n'kubweza 3, ndiye bash idziwa kuti zavuta. Ka -1 kamaika fayilo yonse mu transaction imodzi, zilowe zonse kapena pasalowe kanthu. Siyaninso <, gwiritsani -f kuti muziona nambala ya mzere. Koma nambalayo musayikhulupirire kwambiri, imaloza pomwe lamulo lathera, pomwe vuto lingakhale kumtunda ndithu. Ndipo ngati mu fayilomo muli VACUUM kapena CREATE DATABASE, -1 ikukanani, zimenezi siziyenda mkati mwa transaction.

chiphaniphani:
Ndi ng'ombedi! Zikomo nonse. Ndingoyendetsanso tsopano?

nyerere_db:
Ayi, dikirani kaye. Yambani mwafufuta mizere yomwe inalowa poyamba ija, apo ayi ilowa kawiri, kapena mulandira duplicate key ngati tebulolo lili ndi primary key. Ine ndikanakhala inu, fayilo ya ma INSERT ndikanayisiyiratu. Sungani katunduyo mu CSV, mulowetse ndi \copy, yomwe sisokonezedwa ndi kachizindikiro kameneka.